Mmene mungagonjetsere Ganondorf mu Ocarina of Time osathera mitima panjira

Anthu ambiri osewera The Legend of Zelda: Ocarina of Time amadutsa akachisi onse ovuta aja, n'kukakanirira pansonga pa nsanja ya Ganon. Mpira wa mphenzi umawamenya kawiri katatu, amagwera pansi, akamakwera amamenyedwanso, mejiki n'kutha. Ena amamugwetsa bwinobwino Ganondorf, mdani wamkulu wa gemuyi, koma n'kukafera panja m'manja mwa Ganon, chilombo chimene iye amasanduka, mabotolo ali gwa opanda kanthu. Ine ndinafa kambirimbiri pamenepa, ndipo ndinkaimba mlandu zala zanga. Zalazo zinalibe vuto. Ndinkalowa osakonzeka, ndinkaima polakwika, ndiponso ndinkamwaza mivi nthawi yake isanakwane.

Nkhondo yomalizayi ili ndi zigawo zitatu zotsatizana: Ganondorf pamwamba pa nsanja, kuthawa nsanja ikugwa, kenako Ganon pabwinja. Pakati pake palibe pogulira kanthu. Zimene mwanyamula polowa n'zomwezo mumalizire nazo, kupatula zochepa zimene mungatole panjira. Malangizowa akugwira ntchito pa gemu ya 1998 ya Nintendo 64, pa Nintendo Switch, komanso pa imene anaikonzanso ya 3DS mu 2011. Ngati mukusewera Master Quest, mtundu wovutirapo wa gemu yomweyi, zipinda za m'munsi n'zosiyana ndi zimene ndafotokoza pano.

Zofunika kunyamula

- Light Arrows. Zelda, mwana wamkazi wa mfumu, amakupatsani mu Temple of Time mukamaliza akachisi onse. Popanda mivi imeneyi simungachotse ngakhale chimodzi mwa zotchinga 6 zotseka njira yolowera ku nsanja.
- Phodo lodzaza mivi.
- Mzere wautali wa mejiki. Amawonjezera ndi Great Fairy wa mu Death Mountain Crater, ndipo pamafunika Megaton Hammer yoswera miyala yotseka khomo lake.
- Mabotolo onse amene muli nawo. Mu gemu yonse alipo 4.
- Megaton Hammer, kapena Biggoron's Sword ngati munalimbikira kuipeza.
- Hover Boots, Longshot, Lens of Truth, Mirror Shield, Goron Tunic ndi Fire Arrows.

Pa za mabotolo anthu amatsutsana. Ine ndimati awiri muikemo ma fairy, awiri enawo muikemo mankhwala obwezera mejiki, obiriwira aja, kapena abuluu amene amabwezera mitima (muyeso wa moyo wanu) ndi mejiki pamodzi. Fairy wa m'botolo amakudzutsani yekha mukafa, simuchita kudina kanthu. Koma fairy sabweza mejiki, ndipo munthu wopanda mejiki pamaso pa Ganondorf ndi mlenje wopanda uta.

Musanakwere nsanja

1. Yambani ndi chipinda cha Shadow. Mukawoloka mlatho wa utawaleza n'kulowa, mupeza zitseko 6, chilichonse ndi chizindikiro cha kachisi wake. Mukhoza kuyamba ndi chilichonse kupatula cha Light, koma cha Shadow ndi chimene chili ndi Golden Gauntlets, magolovesi onyamulira zipilala zikuluzikulu zakuda. Popanda magolovesiwa, chipinda cha Light simulowa n'komwe, ndipo cha Fire simuchimaliza. Chenjezo: m'chipinda cha Shadow muli njira yosaoneka. Yatsani Lens of Truth, galasi loonetsa zobisika, musanaponde paliponse pamene pakuoneka ngati phompho, ndipo muizimitse mukangoona njirayo, chifukwa imadya mejiki pang'onopang'ono.

2. Mukangopeza magolovesiwo, tulukani panja. Ili ndi sitepe limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limasintha nkhondo yonse. Wolokaninso mlatho, tsatirani njira mpaka kumapeto kumene kwaima chipilala chachikulu chakuda. Chinyamuleni n'kuchitaya. Kuseri kwake kuli Great Fairy womaliza, amene amakupatsani chitetezo chowirikiza: kuyambira pamenepo, nkhonya iliyonse imakuchotserani theka la zimene inkachotsa kale. Mudzadziwa kuti zatheka mukaona mitima yanu yazunguliridwa ndi kamzere koyera. Ulendo wake ndi wa mphindi zochepa chabe.

3. Malizani zipinda zotsalazo. Chilichonse chimathera pa chimpira chowala chimene mumachilasa ndi Light Arrow kamodzi. Cha Water chimafuna botolo lopanda kanthu lotungira moto wabuluu, choncho chimalizeni musanadzaze mabotolo onse. Cha Fire valani Goron Tunic, ndipo musachedwe pa nsanja ya pakati chifukwa imamira mukaimapo.

4. Dzazani mabotolo. M'chipinda chachikulu cholowera, tsikirani pansi, pitani kunsi kwa mlatho wolowera ku nsanja, yatsani Lens of Truth n'kuyang'ana khoma. Pali khomo lobisika. Mkatimo muli ma fairy ouluka okha, ndi ma Business Scrub ogulitsa mivi, mabomba ndi mankhwala. Gwirani ma fairy, gulani mankhwala obiriwira, dzazani phodo, kenako sevani.

5. Kwerani nsanja mosamala mitima. Panjira mukumana ndi ma Dinolfos (abuluzi ankhondo) awiri, ma Stalfos (mafupa oyenda) awiri amene akulondera bokosi la kiyi wamkulu, kenako ma Iron Knuckle (asilikali ovala zitsulo) awiri. Ma Iron Knuckle aja amaima duu mpaka mutawakhudza. Menyani mmodzi yekha, mukokereni kutali ndi mnzakeyo, mumalize, kenako mudzutse winayo. Mukadzutsa onse pamodzi, fairy mmodzi mwamutaya kale musanaone n'komwe nkhope ya Ganondorf. Ngati zavuta motero, palibe manyazi kubwerera pansi kukadzazanso. Mupitirire chipinda cha miphika osaiswa, chifukwa mudzaifuna posachedwa. Kuchokera pamenepo ndi masitepe okhaokha, kulira kwa limba kukukulirakulira mpaka mutatsegula chitseko n'kupeza kuti woimbayo ndi mwiniwake.

Gawo loyamba: Ganondorf

Apa Navi, fairy wokuperekezani uja, amakuuzani kuti mdima wa Ganondorf ukumuletsa kuyandikira. Tanthauzo lake n'lakuti kuloza mdani ndi batani limodzi, kumene mwadalira gemu yonse, pano musakudalire. Muziyang'anizana naye nokha, ndipo uta muziulunjika nokha.

6. Thamangirani pangodya nkhondo ikangoyamba. Chinthu choyamba chimene Ganondorf amachita ndi kumenya nkhonya pansi, ndipo miyala yozungulira chipilala cha pakati imagwa. Pamatsala nsanja ya pakati, phompho, ndi kanjira kozungulira m'mbali mwa khoma. Miyala ya m'kanjiraka nayonso imatha kugwa nkhondo ili mkati, koma ya m'ngodya zinayi siigwa. Sankhani ngodya imodzi, imani pamenepo, tembenukani kuyang'ana pakati. Ngodya ili ndi ubwino wina: ndi malo otalikirana kwambiri ndi iye, choncho mpira umatenga kanthawi usanakufikeni, ndipo maso amauwerenga bwino.

7. Bwezani mpira wa mphenzi ndi lupanga. Pano m'pamene pagona nkhani yonse, ndiye tidekhepo.

Ganondorf amakweza dzanja, kuwala kumasonkhana m'dzanjamo, kenako amaponya. Inu mumamenya mpirawo ndi lupanga, umabwerera kwa iye, iye amaubweza, inu mumaubwezanso, mpaka wina aphonye. Munachitapo zimenezi ndi Phantom Ganon mu Forest Temple, ndipo lamulo lake silinasinthe.

Cholakwa cha pafupifupi aliyense ndi kufulumira. Munthu akangoona kuwala kukubwera, mtima umadumpha, chala chimadina, lupanga limadutsa m'malere, ndipo mpira umafika pamene Link, amene mukumuyendetsayo, akubweza dzanja. Ena amangodina batani mobwerezabwereza poganiza kuti kumodzi kugunda. Kumagunda nthawi zina, koma pakati pa kumenya kuwiri pamakhala mpata, ndipo mpira umalowera pomwepo. Dinani kamodzi pa mpira umodzi. Dikirani mpaka mutaona ngati mwachedwa, mpira utafika pafupifupi pamphuno pa Link, ndiye menyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano ndi zenizeni.

Khutu limathandiza kuposa diso. Kugunda kulikonse kumamveka, kwanu ndi kwake, ndipo mukamvetsera mumapeza kuti pali kayendedwe kake ngati anthu awiri akusinthana kuwomba m'manja. Tsatirani kayendedweko. Musasunthe phazi pamene mukubweza, chifukwa mukatembenuka pang'ono mpira umalowera kumbali ndipo muyambiranso.

Chishango sichikupulumutsani pano, musachidalire. Ngati mwaona kuti mwasokonezeka, ndi bwino kulumphira kumbali n'kuusiya mpirawo udutse kusiyana ndi kumenya mwamantha. Ndinenenso kuti botolo lopanda kanthu limabwezanso mpirawu mukaligwedeza pa nthawi yake. N'zoona, ndipo n'zosangalatsa kuyesa, koma tsiku loyamba gwiritsani lupanga.

Amene muli pa 3DS muli ndi mwayi: mukakagona pabedi la Link ku Kokiri Forest, mukhoza kumenyananso ndi Phantom Ganon kangapo konse mpaka dzanja litazolowera.

8. Mulaseni ndi Light Arrow pokhapokha mpira utamugunda. Akaphonya, mphenzi yake yomwe imamugwira, amanjenjemera ali m'malere kwa kanthawi kochepa. Imeneyo ndiyo nthawi yanu. Tulutsani uta, kwezani pang'ono, lasani. Adzagwa pa nsanja ya pakati atagwada. Muikiretu Light Arrows pa batani musanatsegule chitseko, ndipo muonetsetse kuti ndi Light Arrows osati mivi wamba. Chenjezo: Light Arrow imodzi imadya mejiki wowirikiza kawiri wa Fire Arrow. Kumulasa akungouluka asanagundidwe ndi kutaya mejiki, amangoupewa. Ngati mwaphonya muvi woyamba, musaponye wachiwiri ndi wachitatu mothamanga. Bwezani uta, yambiraninso kubweza mpira.

9. Wolokani phompho n'kumutema. Njira yosavuta ndi kuvala Hover Boots n'kuthamanga molunjika pakati. Mukhozanso kulumpha opanda nsapatozo mukachokera pakatikati pa khoma, pamene mpata ndi wochepa, osati pangodya. Mukafika, temani mosalekeza. Kutema kolumpha kumapweteka kawiri kuposa kutema wamba, ndipo Biggoron's Sword imapweteka kawiri kuposa Master Sword, choncho ngati muli nayo ino ndi nthawi yake. Chenjezo: Hover Boots zimaterera. Muzivule mukabwerera pangodya, apo ayi mudzatsetsereka pamene mukubweza mpira. Pa Nintendo 64 ndi pa Switch kusintha nsapato kumafuna kuimitsa gemu, ndipo kumatopetsa, koma kumatopetsa pang'ono kuposa kukwera chipilala.

10. Chokanipo akangoyamba kudzuka. Dyera la kutema kamodzi kowonjezera ndi limene limagwetsa anthu. Akakupezani muli pa nsanja yake, amamenya nkhonya pansi ndipo mphamvu yake imakukankhirani kutali. Mukaona akuwongoka, tembenukani n'kubwerera pangodya panu.

11. Dziwani kusiyanitsa mpira wawung'ono ndi waukulu. Mukamuvulaza ndithu, amayamba kukweza manja onse awiri, chimtambo chakuda n'kumasonkhana pamwamba pa mutu wake. Chimenecho chimaphulika n'kukhala mizere ingapo ya mphenzi yobwera pamodzi, ndipo kutema kumodzi sikungaibweze yonse. Pali njira ziwiri. Yoyamba, gwirani batani la lupanga osalisiya mpaka lupanga litawala, n'kulisiya mizereyo ikafika, kuti Link azungulire n'kuibweza. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi kumulasa ndi Light Arrow manja ake akadali m'mwamba. Pa nthawi imeneyo sangapewe, ndipo amagwa pompo popanda kubwezerana mpira. Kunena zoona, mpira waukuluwu ndi mphatso kwa munthu amene wasunga mejiki.

12. Mukagwera pansi, musathamangire kukwera. Mwagwera m'chipinda cha miphika chija. Iswani ingapo, mupezamo mivi, mejiki ndi mitima. Kenako kwerani chipilala cha pakati, ndipo Longshot, mbedza ya tcheni yokukokerani patali, ikhoza kukufupikitsirani ulendo. Kumbukirani kuti mukutulukira pa nsanja yake, ndiye mukangofika pamwamba, wolokani osaima.

Gawo lachiwiri: kuthawa

13. Tsatirani Zelda. Ganondorf akagwa, nsanja imayamba kugumuka ndipo wotchi imakupatsani mphindi 3. Zelda yekha ndi amene amatsegula zitseko zachitsulo, choncho kumusiya m'mbuyo sikukupindulitsani kanthu, ndipo mukatsalira kwambiri amaima kukudikirani. Yendani pafupi naye. Yang'anani pansi: mwala usanagwe, mthunzi wake umaoneka, ndipo mukaupewa mwapewa mwalawo.

14. Iphani ma Stalfos awiri motsatizana. Pakati panjira moto umamuzinga Zelda, ma Stalfos awiri n'kutulukira. Mukapha mmodzi n'kuchedwa ndi winayo, woyamba uja amadzukanso. Choncho avulazeni onse mosinthana, kenako muwamalize pafupipafupi. Dikirani atsitse chishango kapena alumphe, ndiye temani. Apa m'pamene mphindi zimathera. Pafupi ndi khomo lotulukira pali ReDead mmodzi, mtembo woyenda. Akakuwa mumauma kwa kanthawi, koma musalimbane naye, ingodutsani chakutali.

Gawo lachitatu: Ganon

Panja, bwinja limagwedezeka, Ganondorf amatuluka m'miyala n'kusanduka chilombo chachikulu chonyamula malupanga awiri. Kumenya kwake koyamba kumakulandani Master Sword, limakagwera kunja kwa mpanda wa moto pafupi ndi Zelda. Musadabwe, ndi mmene gemu inapangidwira ndipo simungazipewe. Chabwino n'chakuti Navi wabwerera, mukhoza kulozanso.

15. Tulutsani chida china msanga. Imitsani gemu, valani Biggoron's Sword, kapena ikani Megaton Hammer pa batani. Anthu ena amazungulira bwalo lonse akudina batani la lupanga lopanda kanthu.

16. Menyani mchira basi. Thupi lake lonse ndi lolimba, pofewa ndi kumchira kokha. Vuto n'lakuti amatembenuka nanu, ndiye kumuzungulira wamba sikufikitsani kumbuyo. Njira yosadya mejiki ndi iyi: mulozeni, muyandikireni molunjika, ndipo mukafika pamapazi ake gubudukani kudutsa pakati pa miyendo. Mutulukira pamchira penipeni. Tembenukani, menyani kamodzi, chokanipo. Poyamba zimaopsa kuthamangira chinthu chachikulu chotero, koma malo oopsa kwenikweni ndi apakatikati, pamene nsonga za malupanga ake zimafika. Pansi pa mimba yake m'pabwinopo. Njira ina ndi kumulasa kumaso ndi Light Arrow, amaima kwa kanthawi, inu n'kuzungulira. Ndi yotetezeka koma imadya mejiki, ndiye muziigwiritsa pamene mitima yachepa.

17. Mugwiritseni ntchito yoswa miyala. M'bwalomo muli milu ya miyala ya nsanja yogumukayo. Imani kuseri kwa mulu umodzi, iye akamakufunani amauswa, ndipo mumatuluka zinthu zokuthandizani. Musaithe yonse koyambirira. Siyani ina ya gawo lomaliza, pamene amathamanga kwambiri.

18. Tengani Master Sword n'kulivala. Mukamumenya mokwanira amagwada, moto umazima, Zelda n'kukuitanani. Thamangani mukatenge lupangalo musanachite china chilichonse. Mukabwerera kwa iye moto umayakanso ndipo nkhondo imapitirira, njira yake ndi yomweyo: miyendo, mchira, kuchoka. Chenjezo lalikulu: pano sangagwe ndi chida china. Mukhoza kumumenya ndi hamala kapena Biggoron's Sword mpaka zala kupweteka, koma kumenya komugwetsa kuyenera kukhala kwa Master Sword. Akagwada kachiwiri, Zelda amamupanikiza ndi kuwala, lupanga lanu limawala, ndipo inu mumayandikira kumutu kwake n'kudina batani la lupanga.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kuyatsa Nayru's Love pa nthawi yolakwika. Imakutetezani ndithu, koma ikamayaka simungagwiritse matsenga ena alionse, kuphatikizapo Light Arrows. Pa Ganondorf zimenezi zikutanthauza kuti mubweza mpira, anjenjemera, inu n'kumangomuyang'ana. Ngati mukuifuna, isungireni Ganon, pamene kugubuduka sikufuna mejiki.

Kumwa mankhwala onse pa Ganondorf. Mejiki ikachepa pamwambapo, miphika ya pansi ilipo. Botolo limodzi lifike nanu pabwinja.

Kuvala Biggoron's Sword pa ma Stalfos musanaizolowere. Imagwiridwa ndi manja awiri, choncho chishango sichigwira ntchito mmene mwazolowera. Kwa wodziwa imafupikitsa ndewu, kwa wosadziwa imamutsegula pamimba.

Kuiwala kuyang'ana mabatani. Musanatsegule chitseko chomaliza, imani pa masitepe, onani kuti Light Arrows zili pamalo pake, hamala ili pafupi, ndipo botolo limene lili pa batani ndi la mankhwala. Fairy safunika kukhala pa batani, ndipo mukamuikapo mukhoza kumutulutsa mwangozi mitima ili yodzaza.

Kuzimitsa gemu mutagwetsa Ganondorf poganiza kuti mawa mudzayambira pa Ganon. Zotchinga 6 zija zimakhalabe zochotsedwa ngati munaseva, koma Ganondorf mudzamupeza pa limba lake, ndipo mudzayambiranso pa sitepe 6. Tsegulani chitseko chimenecho pokhapokha muli ndi nthawi yomaliza zigawo zonse zitatu, ndipo ngati mukusewera pa 3DS kapena pa Switch yonyamula m'manja, ikani pa chaja musanakwere masitepe.